Magazi a Kuchimuna

Ine ndayenda. Ndikati ndayenda sindikunena zopita kumsika n'kubwerako dzuwa likadalipo. Ndawoloka mitsinje yopanda milatho, ndagona m'matauni amene mayina ake ndinaiwala fumbi lake lisanachoke kumapazi, ndadya ndi anthu amene chinenero chawo sindinkachimva koma posiyana anandilirira. Kwathu ndinachoka ndi malaya amodzi ndi lamba wa luzi. Lero ndili ndi nyumba ya khonde mbali zonse, chigayo, ndi malole amene akaima pamsewu mbuzi za mudzi wonse zimadzausa pansi pake. Zonsezi ndi manja awa. Palibe anandigwirira.

Koma pali funso limodzi limene linandikhazika pansi, ndipo linachokera kwa mwana wanga, Tinenenji.

Anabwera masana ena ndili pakhonde ndikumwa tiyi. Anali atakhalitsa ndithu pabanja, koma kumsana kunalibe mwana, ndipo anthu anali atayamba kunong'ona. Anagwada, n'kukhala pamkeka.

"Ababa, ine ndi amuna anga tikufuna mwana. Koma ndisanatenge pakati ndikufuna ndikayezetse magazi."

"Si munayezetsa musanakwatirane? Ndinakuperekezani ndine."

"Osati kuyeza kuja. Uku n'kwina. Amayang'ana matenda akumtundu, amene munthu amabadwa nawo ali chigonere, n'kudzadzuka iye atakula."

Ndinaseka mpaka tiyi anatayika. "Kumtundu kwathu kulibe matenda. Amayi anga anapita mano onse ali m'kamwa. Amalume ankasenza thumba la chimanga imvi zili mbuu. Ndiponso iwe magazi ako ndi a mayi ako, kafunse amalume ako. Ine pano ndine tambala wobwereka."

"Nanga bambo anu anafa ndi chiyani?"

"Amenewo ndi akuchimuna. Sitiwerenga."

"Kuchipatala amawerenga," anatero motsitsa mawu. "Vuto lake ndi ili, ababa. Ndikayezetsa ine n'kupezeka nawo matendawo, ndiye kuti ndinatengera kwa inu, ndipo mudzadziwa chimene simunafunse. N'chifukwa chake ndabwera kudzapempha. Popanda mawu anu sindipita. Ndipo ndisanapite, sindibereka."

"Ukuopa chiyani kwenikweni?"

"Anthu ovina aja a m'nkhani zanu."

Nkhani zimenezo ndinkamuuza ali wamng'ono, pofuna kuti adziwe kuti bambo ake ndi munthu woyenda. Sindinkadziwa kuti mwanayo akuzisunga ngati mbewu. Zimveni nanunso.

Atate anga sindiwadziwa bwino. Ankakonza makina osokera, akuyenda mudzi ndi mudzi, kabotolo ka mafuta kali m'thumba. Anafika kwathu, anakonza makina a amalume, anakwatira mlongo wawo, n'kumanga nyumba pamalo a akazi awo monga amachitira mkamwini aliyense. Ine nditayamba kuyenda, iwo anapitiriza ulendo wawo. Palibe analira. Kwathu ana ndi a mayi, ndipo mwini wawo ndi malume. Tambala amalira pabwalo, koma anapiye amatsata thadzi. Chimene ndimakumbuka ndi fungo la mafuta a makina, ndi phazi limene silinkakhazikika pansi pa mpando.

Tauni yoyamba imene ndinafika inali ya fumbi lofiira. Fumbilo linkalowa m'tiyi, m'makutu, ngakhale m'maloto. Kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mkuyu, panali wokhoma zidebe, a Kumbanyiwa. Nditaima kuti ndionerere, anatukula mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, nkhope yakoyi ndinaiona kwina."

"Mwina mbiri yanga yanditsogolera," ndinatero, ngakhale ndinali ndisanachite kanthu koti n'kutchuka nako.

Anaseka, n'kundipatsa nyundo.

Kwa iwo ndinaphunzira kudula lata, kupinda m'mphepete, kukhoma chidebe chosadontha. "Chidebe sichidontha pakati," ankatero. "Chimadontha pamsoko. Uzisamala pamene malata awiri akumana." Posakhalitsa ndinawaposa, zimenezo sindibisa. Amayi ankachokera kutsidya kwa mtsinje kudzagula zidebe zanga, ndipo mbaula zanga zinkayaka ngakhale ndi makala onyowa.

Koma manja a a Kumbanyiwa ankavina. Poyamba zinali zala zokha, zikuimba ng'oma imene palibe ankaiona. Kenaka nyundo inayamba kuphonya lata n'kupeza chala. Anthu amumsika ankati, "Kachasu ameneyo." Ine ndinkagona m'nyumba mwawo, ndipo sindinawaonepo akumwa china kupatula thobwa. Abale a akazi awo anakhala pansi, anati ana sangakule ndi chidakwa, n'kuwauza kuti aone msewu. M'mawa wina ndinapeza nyundo ndi sizasi ya malata zili pansi pa mkuyu, ataziika bwinobwino pamalo panga. Iwo anali patali mumsewu wofiira uja, akuyenda ngati pali ng'oma imene ikuwalirira iwo okha. Ndinawayang'ana mpaka fumbi linawameza.

Ndinayendanso. Nyengo zinasinthana, ndipo ndinapezeka m'mudzi wa fodya, mmene zigafa zinali zazitali kuposa tchalitchi. Mpweya wa m'mudzimo unali wotsekemera ndi wolemera, moti munthu ankayenda ngati ali m'madzi. M'chigafa china munali mayi wosankha fodya, Nasibeko, amene anthu ankati zala zake zili ndi maso. Nditalowa, anasiya tsamba n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, nkhope yanuyi ndinaiona kwina."

"Ndine uja wa zidebe zosadontha. Dziko lonse likundidziwa."

"Ayi, chidebe chanu sindinagulepo. Ndinaiona itandiweramira, ine ndili wamng'ono."

Anandiphunzitsa kusankha fodya: lofiirira kwake, lachikasu kwake, long'ambika kwake. "Tsamba limaseka pamaso," ankatero, "koma nthenda yake ili kunsi. Muzilitembenuza." Nyengo isanathe ndinkasankha maso ali chitsinzire, ndipo mabelo anga ogula sankawamasula n'komwe.

Nasibeko ankavina ndi mapewa. Phewa linkakwera lokha, khosi n'kutembenuka ngati wina wamuitana kumbuyo. Akuluakulu a kwawo anati mizimu ya makolo yakwiya. Anafulula mowa, anakathira pansi pa mtengo wa msolo, akutchula mayina a amayi ake a amayi ake mpaka kumene chikumbumtima chimathera. Mapewa sanaleke. Dzina la bambo ake palibe analitchula.

"Anali ndani?" ndinamufunsa tsiku lina tikusoka masamba.

"Wokonza makina wina wake. Anangodutsa."

"Anganso ankakonza makina."

"Ndiye ndife a mphepo imodzi," anatero, ndipo tinaseka. Zinathera pomwepo. Chibale cha kuchimuna n'chopatsana moni wabwino panjira, basi. Sindikanamuimira pamlandu, sakanandilira ngati mlongo.

Mvula itabwera, Nasibeko ankawoloka pamlatho wa mtengo umodzi, mtsuko uli pamutu. Phewa linakwera pakati pa mlatho. Chitenje chake anachipeza kumunsi, chitakodwa m'bango. Ine ndinagula njinga yanga yoyamba, n'kuchoka fodya asanaume.

Zaka zimene zinatsatira n'zambiri, ndipo zimasokonekera m'mutu mwanga ngati zovala m'beseni limodzi. Ndinameta anthu tsitsi pamalire a dziko. Ndinakumba zitsime kumene madzi anali atathawa, ndipo ankabwerera akamva kuti ndine. Ndinaphunzira kuyendetsa lole kwa munthu wa diso limodzi amene ankagona chiwongolero chili m'manja. Kulikonse ndinkachoka ndikudziwa ntchito kuposa amene anandiphunzitsa.

Kenaka ndinafika mumzinda wa m'mapiri, mmene nkhungu inkatsika m'mawa n'kuyenda m'misewu ngati munthu wosowa kwawo. Munali msewu wa akalipentala okhaokha, mabokosi a maliro ali ndondondo m'mbali mwake. Kumeneko ndinaphunzira kupala thabwa mpaka lisalale ngati tsaya la khanda. M'mawa wina kunabwera mayi atanyamula chingwe, muyeso wa amuna ake amene anali atatisiya. Nditatukula mutu, iye anandiyang'ana nthawi yaitali, chingwe n'kugwa pansi.

"Mwandiopsa, bambo. Ndimayesa wadzuka."

Bokosilo ndinalipanga ndekha, ndinalinyamula ndekha mpaka kunyumba ya siwa. Atavundukula nsalu, ndinadziona nditagona pamphasa. Mphuno yanga, chipumi changa, mpata wa mano wanga. Kungoti iye anali wowonda, ndiponso wamng'ono kwa ine.

"Anavina zaka zambiri," anatero mayi uja. "Zinayamba zala, kenaka miyendo, kenaka lilime. Pomaliza ngakhale phala linkamukanika kumeza."

"Bambo ake anali ndani?"

"Wokonza makina wina wake. Anafera konkuno, m'chisakasa kuseri kwa msika, akuvina chimodzimodzi. Koma amenewo ndi akuchimuna."

"N'zoona," ndinatero.

Kumandako ndinaimba nawo mokweza kuposa onse. Anandikhazika pamodzi ndi alendo, osati ndi abale, ndipo kumeneko kunali kukhoza. Ana awiri a malemu ankandiyang'ana osaphethira. Ndinabwerako ndikuuza anzanga kuti nkhope yanga ndi yotchuka mpaka akufa amaibwereka.

Nkhani zake ndi zimenezo. Ine ndinkaziona ngati mikanda yosiyana, Tinenenji ndiye anaona ulusi.

"Ndipatse nthawi," ndinamuuza pakhonde paja.

Anandipatsa. Mango anachita maluwa, anabereka, anagwa. Iye sanafunsenso. Ankabwera kudzandiona, kundichapira malaya, kundisekera nthabwala zimene anazimva kale, n'kubwerera. Ine ndinkapita kuchigayo, kukalipira madalaivala, kumauza aliyense za maulendo anga. Koma ndinaleka kufotokoza za a Kumbanyiwa.

Ndikuuzeni chinthu. Ulendo uliwonse umene ndinayenda ndinauyamba osadziwa kumene ndikupita, ndipo n'chifukwa chake unkakoma. Ndani amafuna kuuzidwa kumene msewu wake ukathere? Ndinawaona anthu aja. Ndinadziwa mmene zimathera, ndi phala lokanika kumeza. Bola ndinali ndisanayezetse, ndinali mwana wa amayi anga okha.

Tsiku lina kunabwera mkamwini wanga Zagwa, munthu wofatsa amene amakonza mawailesi. Anakhala kumapeto kwa khonde, chipewa chili pabondo.

"Apongozi, abale anga akuti ndiyang'ane kwina. Akuti mwana wanu ndi wosabereka."

"Ndipo inu mwati chiyani, akamwini?"

"Ndakana. Ndidzakanabe. Koma mawuwo amamupeza kuchitsime, kutchalitchi, paliponse. Iye sawauza chifukwa chake. Akuti si nkhani yake yekha."

Ali mkati molankhula, ndinamva kaphokoso, ngati mbalame ikujompha zenera. Chinali chala changa chikugogoda kapu. Ndinachiuza kuti chileke. Chinagogodabe. Ndinaika dzanja lina pamwamba pake, n'kufunsa Zagwa ngati mabatire atsika mtengo.

Chimene chinandinyamula sichinali chalacho. Ndinapita kuchigayo masana ena n'kupeza Tinenenji atanyamula khanda la mayi wina amene ankathira chimanga. Ufa unkauluka m'kuwala kwa dzuwa ngati nkhungu ya mumzinda uja. Iye ananunkhiza pamutu pa khandalo, maso ali chitsinzire, nthawi yaitali. Mwini wake atamaliza, Tinenenji anamubwezera mwanayo, n'kupukuta manja pachitenje ngati wagwira chinthu cha eni osapempha.

"Kaitane amuna ako," ndinatero. "Mukwere lole."

"Tikupita kuti, ababa?"

"Ngati pali choti chidziwike, ndiyamba ndine. Sindinayendepo pambuyo pa munthu."

Chipatalacho chinali mumzinda waukulu, ndipo makonde ake anali aatali ngati a m'maloto, khomo lililonse likubala khomo lina. Kumapeto kwake kunali kachipinda, ndi mlangizi, a Nachisale, mayi wonenepa wa mawu ozizira amene anali ndi mbale ya mtedza patebulo.

"Bambo, kubanja kwanu kuli matenda amene amabwerezabwereza?"

"Kulibe," ndinatero, monga ndinkayankhira m'zipatala zonse za m'dziko lino ndi za kunja. Tinenenji anatsokomola. Ndinakonza kukhosi. "Kuchikazi kulibe. Kuchimuna kuli anthu ovina."

Ndinawafotokozera zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu anamvetsera nkhani zanga osaseka. Nditamaliza anatola mtedza uwiri, n'kuufumbata.

"Munthu aliyense amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo. Magazi sadziwa kuti mudzi ndi wa ndani. Ngati bambo anu anali ndi nthendayi, m'dzanja mwawo munali mtedza uwiri, wabwino ndi wofumbwa. Mwana aliyense amatola umodzi osayang'ana. Mukapezeka kuti munatola wabwino, mwana wanuyu ndi mfulu, safunikanso kuyezetsa. Mukapezeka ndi wofumbwa, ndiye kuti nayenso anatola m'dzanja lanu."

"Mukachipeza, mumachichotsa?"

"Ayi. Mankhwala ochiza kulibe. Ochepetsako kuvina alipo."

"Nanga anthu amayezetseranji, mayi? Kuitana mvula denga lili losafolera?"

"Ena amafuna akonze zinthu zawo akadali ndi mphamvu. Ena amafuna adziwe asanabereke. Ena atopa kutchedwa zidakwa ndi olodzedwa, akufuna chinthucho chikhale ndi dzina. Enanso amamva zonsezi n'kutuluka osayezetsa, ndipo sitiwaimba mlandu. Khomo ndi ilo, bambo, silinatsekedwe."

Ndinaliyang'ana khomolo. Linali khomo labwino, la mlombwa, koma wopala wake anali waulesi. Ndinapinda mkono wa malaya.

"Tengani ambiri," ndinatero. "Magazi ngati awa simuwapezanso."

Anati makina oyezera zimenezi ali kudziko lakutali, ndipo magaziwo apita pandege. Ine amene ndayenda dziko lonse ndi mapazi, njinga ndi lole, ndege ndinali ndisanakwerepo. Ndinauza mudzi wonse kuti magazi anga akwera ndege. Akafunsa kuti akukatani, ndinkati akukaona dziko, atengera mwini wake.

Chimanga chinamera, chinakula, chinamasula ngayaye. Masana ena ndinasinza pakhonde n'kulota chigafa chachitali, mmene munthu wa nkhope yanga ankathira mafuta m'makina osokera. Makinawo ankasoka nsalu imodzi yosatha, imene inkatuluka pakhomo, kudutsa msewu wofiira, kuwoloka mtsinje, kukwera mapiri. Ndinafuna kumufunsa kuti nsaluyo ndi ya ndani, koma phokoso la makina linali lalikulu.

Atatiitana, a Nachisale sanazungulire. Anakankhira mbale ya mtedza pambali.

"Bambo, chapezeka. Zala zimenezo ndi chiyambi chake."

"Ndiye atate anga sanandiiwale," ndinatero. "Ndimayesa anapita osandisiyira kanthu."

Palibe anaseka. Pansi panayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati bwato lomasuka pachingwe. Ndinamva dzanja la Tinenenji pamkono panga, ndipo sindinalichotse.

"Ababa, tingathe kupita kunyumba. Zanga zidikire."

"Wadikira mokwanira. Pinda mkono."

Kudikira kwachiwiri kunali kwina. Magazi anga atapita ndinkagona tulo, chifukwa munthu wamkulu amasenza katundu wake. Koma awa anali a mwana amene sanapemphe kutola m'dzanja langa. Ndinayenda m'munda, ndinayenda kuchigayo, ndinazungulira nyumba yanga pakhonde lake lonse. Palibe ulendo umene unanditopetsa ngati umenewo. Mmenemo ndinaitana madalaivala n'kuwauza kuti chiwongolero ndatsala pang'ono kuchisiya, ndinaonetsa Zagwa mmene lamba wa chigayo amamangidwira, ndipo ndinatuma uthenga kumzinda wa m'mapiri kuti afufuze mayi wa chingwe uja ndi ana ake awiri. Sindinkadziwa kuti ndidzawatchula chiyani. Chinenero chathu chili ndi mawu ambiri, koma pamenepa n'chosauka.

Tsiku la zotsatira zake, Tinenenji analowa ndi mwamuna wake. Ine ndinakhala panja pabenchi, pakati pa mayi wokalamba wa ndodo ndi bambo wina womangidwa bandeji kumutu. Benchi yotere ndikanaidzaza ndi nkhani mpaka odwala kuiwala chimene abwerera. Tsiku limenelo maso anga anali pakhomo lija basi. Chala chinkagogoda thabwa, ndipo ndinachileka.

Khomo linatseguka. Zagwa anatuluka chipewa chili kumaso. Tinenenji anabwera pang'onopang'ono, anagwada patsogolo panga pakhonde la chipatala, anthu akudutsa, n'kugwira dzanja langa lija ndi manja ake onse awiri.

"Ababa, m'magazi mwanga mulibe. Simunandipatse."

  Ndinatembenukira kwa mayi wa ndodo uja.

"Mayi, mukumuona uyu? Ndi mwana wanga. Mphuno imeneyo ndinamupatsa ndine. Mpata wa mano ndine. Liuma lonselo ndine, musamuone kufatsa. Sukulu, nsapato, ukwati wa ng'ombe ziwiri, ndine. Chimodzi chokha ndinamumana."

"Munamumana chiyani, bambo?"

Ndinatukula dzanja, chala chikuimba ng'oma yake.

"Ichi. Ichi n'changa ndekha."

Mayiyo anayang'ana chalacho, anayang'ana Tinenenji, n'kugwedeza mutu ngati wamva.

Ndinaimirira, miyendo ikadali yanga, n'kupatsa Zagwa makiyi a lole.

"Yendetsani ndinu, akamwini. Ndipo nkhani inayo musachedwe nayo. Mdzukuluyo ndikufuna ndimunyamule manja awa akadandimvera."